Tsiku Limene Apongozi Anga Analipira Kuti Andione

Tsiku limenelo kunkatentha. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene malata amalira okha masana ngati wina akuponyapo timiyala. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango kuseri kwa holo, jenereta yathu inkabangula pakhomo, ndipo chapatali kumzikiti kunkamveka mawu oitanira anthu ku mapemphero a masana. Tinali pa Ntaja, m'dera la Kawinga. Phokoso lonselo ndimalikumbukira bwino chifukwa ndi limene ndinkamvetsera nditakhala pampando, m'malo moyang'ana nkhope za anthu amene ankabwera kudzandipatsa moni.

Abale ndi alongo, ambiri a inu mumandidziwa ngati bambo a Tiyamike, amene amakonza mabenchi m'tchalitchi muno Loweruka. Ena mukukumbukira kuti kale ndinkayenda n'kumaimba. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinagwera ndi mmene Mulungu anandidzutsira. Sindinabwere kudzaneneza munthu. Ndinena zimene ndinachita ine.

Kwathu ndi ku Rivirivi, koma ndinakwatira ku Utale, n'kukhala mkamwini kumeneko zaka khumi ndi zinayi. Mkazi wanga Esinala anamwalira nthawi ya dzinja atangodwala masiku anayi. Anandisiyira mwana mmodzi, Tiyamike, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinkakhala pakhonde ndi gitala yanga yakale, ndipo pang'onopang'ono panatuluka nyimbo. Sindinaikonzere anthu. Inali yanga ndi Mulungu wanga. Koma tsiku lina ndinaiimba pamaliro ena, wina anaijambula pafoni, ndipo isanathe miyezi iwiri ndinkaimva m'maminibasi a pa Balaka.

Ndi pamene anabwera anthu awiri. A Fidelesi anali ndi kiyibodi, zokuzira mawu ndi jenereta. Yohane, mlamu wawo, anali wojambula zithunzi. Anati tiyende, nyimboyi ikatonthoze anthu ambiri, inenso ndipezeko ya sukulu ya mwana. Ndinapemphera, ndinavomera. Tiyamike ndinamusiya ndi agogo ake, apongozi anga, n'kulonjeza kuti ndizibwera mwezi uliwonse.

Mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi kuno. Zaka zonsezo ndili pamudzi pawo sindinawagwirepo dzanja. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kunjuta, moni tinkapatsana aliyense akuyang'ana kumbali. Sichinali chidani. Unali ulemu, ndipo iwo ankandikonda momwemo, chapatali.

Tinayenda. Liwonde, Ulongwe, Nsanama, mpaka kumidzi ya asodzi ku Chiuta. Anthu ankadzaza, koma ndalama za pakhomo zinkathera mafuta, holo ndi galimoto. Tsiku lina a Fidelesi anandiitanira pambali.

"Achimwene, oimba anzathu akuchita chonchi. Kuimba kukatha, amene akufuna kukumana ndi woimba amalipira padera. Amakugwirani dzanja, mumacheza pang'ono, Yohane n'kujambula. Anthu amasangalala, ife timadya."

"Moni n'kugulitsa?" ndinafunsa.

"Iyayi, mukugulitsa chithunzi. Moniwo ndi banyira."

Tinaseka tonse, ndipo ndinavomera. Mundimvetse bwino, makamaka inu achinyamata amene mumaimba: sindikunena kuti ndi tchimo. Woimba naye ali ndi mimba, ndipo munthu akafuna chithunzi ndi amene amamukonda, kulipira n'koyenera. Vuto linali la anthu amene ankaima pamzere wanga. Sanali anthu ofuna kudzitama ndi chithunzi. Anali amayi amasiye, abambo amene anaika akazi awo, makolo amene anaika ana. Ankabwera kudzandipepesa maliro ndi kudzatula awo. Kwathu kuno wodzapepesa amakhala pansi, namfedwa amamumvetsera, palibe amene amayang'ana wotchi. Ife tinaika munthu pakhomo ndi mbale, ndipo mayi akangoyamba kuti, "Mwamuna wanga nayenso..." Yohane ankafuula kuti, "Wotsatira!"

Anthu ankafunsa funso limodzi: anamwalira bwanji? Ndinkayankha kangapo pa tsiku. Choonadi chinali chakuti ine kunalibe. Esinala atayamba kubanika ndinathamanga kukafuna chonyamulira kuti tipite naye kuchipatala, ndipo anatsirizika ndisanabwerere. Nkhani imeneyi inkandipweteka, komanso sinkawagwira mtima anthu. Ndiye tsiku lina ndinangonena kuti anafera m'manja mwanga tikuimba limodzi nyimbo ya m'buku. Mayi amene ndinkamuuzayo analira kwambiri. A Fidelesi anamva, anati, "Imeneyoyo, achimwene. Muziinena imeneyo." Ndinayamba kuinena ngakhale papulatifomu.

Kuti pakamwa pathe kutulutsa bodza limenelo tsiku ndi tsiku, ndinayamba kumwa. Palibe anandimwetsa. Ndinagula ndekha kachasu pa Nsanama, n'kuthira m'botolo la madzi akumwa, poti amaoneka ngati madzi. Botololo linkakhala pansi pa mpando wanga, pamaso pa anthu. Poyamba kanali kumwako kamodzi mzere usanayambe. Kenako pakati pa mzere. Kenako m'mawa ndisanasambe. Ine amene ndinali mkulu wa kwaya, ndinkaimba za kumwamba ndikununkha mowa, n'kumatafuna ndimu kuti anthu asamve. Mwezi unadutsa osapita ku Utale, kenako miyezi isanu. Ndinkangotumiza ndalama pafoni n'kumadziuza kuti ndikulera mwana. Chaka cha maliro chitakwana, abale anasonkhana kumanda, ine ndinali ku Chiuta ndikujambulitsa. Ankhoswe athu, a Matiyasi, anandiimbira katatu. Kachitatuko sindinayankhe n'komwe.

Ndiye tafika pa tsiku lija la pa Ntaja.

Tinaimba masana, ndipo mzere unali wautali. Ndinali nditamwa kwambiri chifukwa cha kutenthako. Thupi linali litazolowera lokha: munthu akayandikira, ndinkaimirira, dzanja lamanja kumugwira moni, lamanzere paphewa pake, nkhope kwa Yohane. Sindinkaonanso kuti ndi ndani.

Panabwera mayi wachikulire atavala mpango, atazolika. Ndinaimirira. Dzanja lake silinabwere, koma langa linapita paphewa pake monga mwa nthawi zonse.

"Yandikirani, agogo, saluma ameneyo!" anatero Yohane. "Mwetulirani pang'ono. Eya!"

Kamera inalira. Ine ndinayamba nkhani ija ndisanafunsidwe n'komwe. Ndinati, "Amayi, musadandaule, Mulungu alipo. Wanganso anandifera m'manjamu, tikuimba limodzi..."

Phewa limene ndinagwiralo linali louma ngati mtengo. Mayiyo anandilola kuti ndimalize. Kenako anatenga nsonga ya chitenje chake, anakulunga zala zake, n'kuchotsa dzanja langa pang'onopang'ono, kuti khungu lake lisakhudze langa. Anatembenukira kukhoma, n'kulankhula akuyang'ana njerwa.

"Bambo a Tiyamike."

Paulendo wonsewo palibe amene ankanditchula choncho. Mowa unandichoka m'mutu nthawi yomweyo, ndinapezeka ndanjuta pasimenti. Anali apongozi anga.

"Agogo, nthawi yatha, ena akudikira," anatero Yohane.

"Iyayi, mwanawe," anayankha osatembenuka. "Ndagulitsa nkhuku, ndakwera maminibasi awiri, ndalipira pakhomopo ngati wina aliyense. Ndilankhula."

Kunja jenereta inkabangulabe.

"Ndatuma anthu katatu, simunabwere. Ndinamva kuti ofuna kukuonani masiku ano amalipira, ndiye ndalipira. Za mowa sindinena, fungo lanena kale. Za phewa langa sindinena. Ndabwera chifukwa cha mwana."

Sanakweze mawu. Anthu amene anali kumbuyo ankachita kuweramira kutsogolo kuti amve.

"Esinala anafera m'manja mwanga. Mwana wanu anali pomwepo, atagwira phazi la mayi ake. Tsopano anzake kusukulu amamuonetsa pafoni bambo ake akunena kuti analipo iwo, ankaimba. Dzana wandifunsa kuti, 'Agogo, kodi ababa analipo? Ine sindikuwakumbukira. Kapena ndayamba kuiwala tsiku limene amayi anamwalira?' Mwanayo sakugona. Akuganiza kuti mutu wake ndiye wolakwa."

Abale, ndinamvapo maulaliki ambiri. Palibe umene unandilasa ngati mawu amenewo. Ndinkaganiza kuti bodza langa silikupweteka munthu, kuti ndi kankhani kotonthozera alendo. Chonsecho ndinkalanda mwana wanga chinthu chomaliza chimene anali nacho cha mayi ake.

"Amalume ake akufuna kumutenga azikakhala naye kutauni," anapitiriza apongozi. "Ndawauza kuti adikire mvula. Ikagwa mvula yoyamba musanabwere, ndivomera, ndipo pamudzi paja musadzapondeponso. Ndatha."

Anatuluka. Sanatenge chithunzi chimene analipirira.

Ndikanakonda ndikuuzeni kuti ndinawathamangira. Iyayi. Ndinatuluka pakhomo lakumbuyo n'kukamwa kuposa masiku onse. M'mawa mwake ndinauza a Fidelesi kuti sindikhalanso pampando uja. Tinakangana. Anati ndikuwonongera aliyense ntchito chifukwa cha nkhani ya pabanja. Anapakira katundu n'kupita ku Ulongwe, ine n'kundisiya pa Ntaja. Chimene chinandipweteka koposa ndinachiona patapita masiku awiri, pafoni ya munthu wina. Chithunzi chija a Fidelesi ndi Yohane anali atachifalitsa ngati choitanira anthu: ine maso ofiira, dzanja paphewa pa apongozi anga, pansi pake atalemba kuti ngakhale agogo amabwera kudzatonthozedwa. Ankadziwa kale kuti mayiyo ndi ndani. Chithunzicho chinafika ku Utale ine ndisanafike.

Ndinagona masiku angapo pakhonde la sitolo ina, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akundilambalala. Pakhonde pomwepo pankasokera telala wina wachisilamu, Che Amidu, bambo wa imvi. Tsiku lachitatu anaimitsa makina ake, anandibweretsera tiyi m'kapu yachitsulo.

"Aneba, nyimbo zanu ine sindizidziwa," anatero. "Koma mayi aja ndinawaona. Anakhala pabenchi ili akudikira minibasi. Sanalire. Ankangosisita paphewa ngati pagwera chinthu."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa anthu ogula.

"Lirani, koma tiyi akuzizira," anatero. "Mukamaliza mundigwirire simbi iyi. Munthu wogona pakhonde langa amandithamangitsira makasitomala."

Ndinakhala ndi Che Amidu sabata ziwiri. Ndinkasita zovala zimene asoka, n'kumagona m'kachipinda kosungiramo nsalu. Popeza ndinali nditasiya mowa, manja ankanjenjemera moti ndinawotcha malaya a munthu. Iwo anangoti, "Amenewo mwagula," n'kundipatsa ena. Kunjenjemerako kutakula anandiperekeza kuchipatala, ndipo anandithandiza. Ikakwana nthawi yawo yopemphera ankandiuza kuti, "Ine ndapita kumzikiti. Inunso muli ndi Mulungu, musangokhala." Ndinayambiranso kupemphera chifukwa cha manyazi ndi bambo ameneyo. Ngati pali wina muno amene akumwa mobisa, mvetserani: simungasiye muli nokha. Payenera kukhala munthu amene akukuonani m'mawa ndi madzulo, amene sakuopani.

Mitambo inali itayamba kusonkhana masana. Che Amidu anayang'ana kumwamba tsiku lina n'kunena kuti, "Aneba, nyamukani. Mvula sidikira kuti manja asiye kunjenjemera."

Sindinalunjike kwa apongozi. Munthu wolakwa ngati mmene ndinalakwira ine salowa pakhomo yekha. Ndinapita kwa ankhoswe, a Matiyasi, n'kuwauza zonse, osachotsapo kanthu. Anandikalipira mpaka anatopa, kenako anavala jekete n'kunditsogolera. Pamudzi tinakhala pansi pa mtengo, iwo pakati, ine mbali iyi, apongozi mbali iyo atafulatira. Amalume a mwana analipo, ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Ndinapepesa kudzera mwa ankhoswe, za phewa, za chithunzi, za chaka cha maliro.

Apongozi anati, "A Matiyasi, auzeni kuti zanga zidikire. Ayambe ndi mwana."

Anamuitana Tiyamike. Anali atatalika, ndipo anakhala patali ndi ine ngati mlendo. Ndinati, "Mwana wanga, tsiku limene amayi ako anamwalira ine kunalibe. Ndinapita kukafuna chonyamulira. Zimene ndakhala ndikuuza anthu ndi bodza. Iwe sunaiwale kanthu. Mmene ukukumbukiramo ndi mmene zinalili."

Ankajambula pansi ndi kamtengo.

"Munabwera ndi ngolo," anatero. "Ng'ombe imodzi inali yakuda. Munafika titayamba kale kulira."

"Ndi choncho."

"Ndimadziwa," anatero, kenako anabisa nkhope m'chitenje cha agogo ake. Agogowo anandiuza pambuyo pake, kudzera mwa a Matiyasi, kuti kuyambira tsiku limenelo mwanayo anayambanso kugona bwino.

Sanandilandire tsiku lomwelo. Amalume anati aona kaye. Anandipatsa kanyumba kakale kumapeto kwa mudzi, ndipo ine ndinatenga khasu n'kukalowa m'munda wa apongozi, umene unali usanalimidwe. Manja a gitala anatuluka matuza. Ndinaunga mizere kuyambira kumsewu mpaka kukhwawa, ndipo mvula yoyamba inandipeza ndili m'mundamo. Ndinaima osathawa, ndikuyang'ana kumudzi ngati kutuluke munthu ndi chikwama cha mwana. Sanatuluke. M'malo mwake masana Tiyamike anabwera ndi mbewu m'kadengu, anati, "Agogo akuti muyambire kumunsi, kumtunda kukadali kouma." Tinadzala limodzi, ine ndikukumba, iye akuponya.

Zotsalazo zinali zapang'onopang'ono. Ndinapita kwa abusa n'kuvomera kuti andiimike pa kwaya. Ndinaima kutsogolo kuno, ena mukukumbukira, n'kuulula bodza lija, popeza ndinalinena poyera. Ndinasiya kudutsa njira ya kumsika imene imapita kophikira kachasu, ngakhale kuti njira inayo ndi yaitali. Kamodzi ndinagwa, pa ukwati wa mphwanga, ndipo m'mawa mwake ndinakadziulula ndekha kwa a Matiyasi anthu asanawauze. Kuyambira pamenepo sindinalawenso.

Masiku ano ndimaimba akandiitana, koma sindigona kunja koposa masiku awiri. Kuimba kukatha ndimakhala pabenchi panja. Amene akufuna chithunzi amalipira, ndipo ndalama imeneyo imathandiza pakhomo, sindichita nayo manyazi. Koma amene wabwera ndi maliro mumtima amakhala pambali panga, salipira kanthu, ndipo palibe amene amamudzutsa. Akandifunsa kuti mkazi wanga anamwalira bwanji, ndimawauza kuti ine ndinachedwa. Ndadabwa kuona kuti ambiri amayankha kuti, "Inenso." Anthu ochedwa ndife ambiri, ndipo bodza langa lija linkawasiya okha.

Chaka chotsatira, titakolola, tinamanga chiliza cha Esinala. Pa tsiku lochionetsa, anthu atakhala kale, ndinaona amuna awiri ataima kumbuyo kwa gulu, zipewa zili m'manja. Anali a Fidelesi ndi Yohane. Palibe anawaitana. Mtima wanga unagunda, ndipo ndinena zoona, sunagunde mwachikondi.

Mwambo utatha anapita kwa a Matiyasi, osati kwa ine, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti abwera mwaulemu. Tinakhalanso pansi pa mtengo uja. A Fidelesi analankhula motalika, za mafuta, za kuvuta kwa ntchito yoimba, mpaka a Matiyasi anawadula: "Bambo, mwabwera kudzapepesa kapena kudzalalikira?" Anthu anaseka. Yohane ndiye analankhula mwachidule. Anati mayi ake omubereka ataona chithunzi chija n'kumva nkhani yake, anakana kudya chakudya chogula ndi ndalama zake. Anati anachifufuta pafoni yake, koma m'mafoni a anthu sangachichotse, ndipo zimenezo azidziwa moyo wake wonse.

Apongozi anamvetsera atafulatira. Kenako anati, "A Matiyasi, auzeni kuti phewa langa ndinasamba kalekale. Nkhuku yanga yokha ndiye sinabwerere." Anthu anasekanso, ngakhale amalume. "Koma amene anasiyidwa pakhonde si ine. Afunseni mwiniwake."

Onse anatembenukira kwa ine. Ine sindifulumira pa zinthu zotere. Ndinaganiza za masiku aja pa Ntaja, ndipo ukali unalipobe. Koma dzanja limene linali pachithunzicho linali langa, pakamwa pamene panatuluka bodza panali panga, ndipo ine ndinali nditakhala pansi pa mtengo womwewo ndikupempha chinthu chimene sindinkayenera kulandira. Tiyamike anali pambali panga, akundiyang'ana kuti aone zimene munthu amachita akapepesedwa.

Kuyenda nawo sindinabwererenso, ndipo iwo sanandipemphe. Koma anadya nafe tsiku limenelo, ndipo powaperekeza ndinawagwira dzanja onse awiri.

Ndinawakhululukira.